Landirova ya m'bokosi yatha, koma za penti sindidzaiwala

Usiku wathawu ndamata galasi lomaliza loonera m'mbuyo, ndipo Landirova ija tsopano yaima pa shelefu. Yandidyera miyezi inayi, kanthu kosakwana masentimita 20. Ndikulemba mkwiyo usanazirale, kuti wina amene akufuna kuyamba masewera amenewa, omanga tigalimoto ta pulasitiki tobwera m'tizidutswa m'bokosi, asagwe m'mbuna imene ndinagweramo ine.

Ndi Land Rover Series III yaitali ija, ya 109, ya kampani ya Revell, pa sikelo ya 1/24. Kutanthauza kuti chilichonse anachichepetsa ka 24: mainchesi 109 a pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo asanduka masentimita 11 ndi theka. Galimoto zenizenizo ankazipanga ku Solihull, ku England, kuyambira 1971 mpaka 1985. Malemu bambo anga ankayendetsa yotereyi pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, yobiriwira, denga loyera, ndipo ine ndili mwana ndinaipangapo kangapo ndi mawaya ndi zitsekerero za mabotolo. Ndiye nditaona bokosi lake pa intaneti, mtima unangoti gula.

Kugula sikunavute. Ndinaitanitsa kusitolo ina ya ku Britain: bokosilo, kabotolo ka guluu wa pulasitiki, ndi zitini ziwiri za penti yopopera. Patapita masiku awiri anandilembera kuti zitini ndi guluu sizibwera, ndalama zake andibwezera, chifukwa zinthu zoyaka moto komanso zitini za mpweya saloleza kukwera ndege ngati katundu wamba. Si vuto lawo, ndi lamulo la ndege. Ine ndinangoti basi, penti ili mbwee m'mahadiweya, ndidzagula konkuno. Gwirani mawu amenewo, tibwererako.

Tsopano za ofesi ya katundu wochokera kunja. Sinditchula dzina, amene munafikako mukuidziwa.

Tsiku loyamba ndinapempha theka la tsiku kuntchito, ndinafika 8 koloko ndi kapepala kanga. Amene amawerengetsa msonkho anali atatuluka pang'ono. Pang'ono pakepo panafika mpaka 12 koloko, kenako nkhomaliro. Tsiku lachiwiri munthuyo analipo koma netiweki kunalibe. Ndinakhala pa benchi ndikuliona bokosi langa pa shelefu kuseri kwa kauntala, dzina langa likuwerengeka bwinobwino, koma osaloledwa kulikhudza. Tsiku lachitatu, lomwe linali la sabata inayo, ndi pamene analitsegula.

Bambo wowerengetsa msonkhoyo anayang'ana chithunzi cha pachivundikiro, n'kutulutsa mafelemu a pulasitiki omwe tizidutswa ta galimotoyo timabwera titalumikizidwapo, n'kuona kainjini, timasipuling'i ndi matayala.

"Izi ndi sipeya za galimoto, achimwene."

"Ayi bwana, taonani kukula kwake. Injini imeneyi ikuchepera chala changa chachikulu."

"Koma apa palembedwa Land Rover."

Tinakokanakokana mpaka anaitana akuluakulu awo, mayi wina amene atangoona anaseka n'kunena kuti ndi chidole. Kenako anandifunsa kuti mwana wanga ali ndi zaka zingati. Ndinayankha kuti zisanu ndi chimodzi, zomwe ndi zoona, koma sindinaulule kuti chidolecho n'cha bambo ake. Msonkho anawerengera pa mtengo wa bokosi kuphatikiza ndalama yotumizira, izo ndinazimvetsa. Chimene chinandiwawa, ndipo mpaka lero ndikachikumbuka ndimaluma mano, ndi ndalama yosungira katundu. Anandilipiritsa masiku amene bokosilo linagona pa shelefu yawo, kuphatikizapo tsiku lomwe munthu wawo anatuluka pang'ono ndi tsiku lomwe netiweki yawo inathawa. Ndinafunsa kuti kodi masiku amenewo ndinawasowetsa ndine? Anati kompyuta ndi imene imawerengera. Kompyuta yomweyo yomwe inali itagona. Ndinalipira, nanga n'kutani.

Mukamapita kumeneko tengani lisiti losindikiza papepala losonyeza mtengo umene munalipira, osadalira foni. Ndipo akamatsegula, pemphani mwaulemu kuti kathumba ka magalasi asakang'ambe. Zidutswa zoonekera mkati zimakandika ngakhale ndi chikhadabo. Langa analisiya, mwayi.

Zoyamba kunyumba n'zosavuta: tsukani mafelemu onse m'madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale kuti mafuta a kufakitale achoke, yanikani pamthunzi. Dulani chidutswa chokhacho chomwe mukuchifuna nthawi imeneyo, chifukwa nambala yake ili pa felemu, osati pa chidutswacho. Ine ndinalibe kapulayala kake, ndinkadula ndi chowengera zikhadabo n'kusalaza ndi lezala. Zimatheka. Chimodzi choti musankhe msanga ndi mbali ya chiwongolero, poti m'bokosimo muli zonse ziwiri. Ya bambo inali ya kumanja ngati galimoto zathu zambiri kuno, ndiye tsatirani zithunzi za mbali imodzi kuyambira pachiyambi.

Tchesisi, injini ndi masipuling'i zinanditengera masabata awiri, madzulo okhaokha, magetsi akakhalapo. Pomata ma akiselo, ikani tchesisi pa galasi kapena pa thailosi guluu asanaume, muone ngati matayala onse anayi akugunda pansi. Mukadikira mawa, galimoto yanu idzaima ndi mwendo umodzi m'mwamba ngati galu pa mtengo.

Ndiye penti ija. Ndinapita ku hadiweya, ndinagula chitini chopopera chobiriwira, cha mtundu womwe amapopera njinga ndi mageti. Loweruka m'mawa ndinakhomerera thupi la galimotoyo pa botolo, ndinapita kuseri kwa nyumba, n'kupopera mosaumira, kamodzi n'kamodzi, kuti iwale. Kwa mphindi ziwiri inali yokongola moti ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone. Pomwe ankafika, boneti inali itayamba makwinya. Mphindi zina zisanu, zitseko ndi mapiko onse a pamwamba pa matayala anali atang'ambikang'ambika ngati matope a m'dambo dzuwa la Okutobala.

"Kodi abambo, ndi mmene imayenera kuonekera?"

Sindinayankhe. Chinachitika n'chakuti pulasitiki ya zinthu zimenezi ndi polystyrene, ndipo thina yomwe ili m'penti zambiri zopopera zitsulo imaisungunula. Ukapopera mochindikala, pentiyo imachedwa kuuma, thinayo n'kupeza mpata wodya pulasitiki pansi pake. Ndiye makwinyawo sali mu penti mokha, alowa m'thupi lenilenilo. Chikhala kuti ndinatenga kachidutswa ka felemu yotsala, yomwe ndi pulasitiki yomweyomweyo, n'kupoperapo kaye, ndikanaziona pa chinthu chopita kudzala. Yesani penti iliyonse pa felemu yotsala. Mafelemuwo musataye mpaka galimoto itatha.

Kukonza kwake ndiye kunali chilango. Ndinaviika thupilo mu buleki fuluwidi usiku umodzi, m'kontena yotseka, nditavala magolovesi, n'kukwecha ndi mswachi wakale. Penti yambiri inachoka. Musapitirize masiku, chifukwa mafuta amenewa amatha kuumitsa pulasitiki n'kuyamba kuthyoka. Ine kachipilala kamodzi ka pakati pa mawindo kanathyoka ndipo ndinachita kukalumikiza. Kenako sandipepa wa m'madzi, yemwe amagulitsa m'mashopu a penti ya galimoto: wokhakhala wa nambala 600, kenako 1000, kumalizira wosalala wa 2000. Landirova ndi yamabokosimabokosi, malo ake ambiri ndi afulati, ndiye sandipepa amayenda bwino. Koma timitu ta marivetsi ndi mahinji a zitseko, zomwe zimaipatsa nkhope yake, zina zinapita ndi sandipepayo. Mahinji awiri ndinawapanganso ndi tizidutswa ta khadi yakale ya ku banki. Masabata atatu anathera pamenepo, kukonza zomwe ndinawononga m'mphindi zisanu.

Ndaiwala kunena za guluu, ndipo izi zinachitika ndisanafike n'komwe pa penti. Poti wanga uja anatsala ku Britain, ndinayamba ndi supagulu wa pa golosale. Amagwira, inde, koma sakupatsa nthawi yowongola chinthu, ndipo nthunzi yake imasiya zoyera ngati ufa. Nyali imodzi yakutsogolo inachita khungu chifukwa cha iyeyu. Guluu weniweni wa ntchitoyi samata ngati ulimbo, amasungunula pang'ono mbali ziwirizo kuti zikhale chinthu chimodzi, n'chifukwa chake sagwira pamene pali penti. Muyambe mwapala ndi lezala. Pa magalasi musayerekeze supagulu ngakhale guluu wosungunulayo. Gwiritsani guluu woyera wa akalipentala, kadontho pa nsonga ya chotokosera m'mano. Akauma saoneka, ndipo mukapaka pambali mumangopukuta ndi kansalu konyowa. Galimoto imeneyi ili ndi mawindo ambiri, kuphatikizapo timawindo tating'ono ta m'mbali mwa denga, ndiye konzekerani madzulo awiri.

Amene anandipulumutsa ndi mlamu wanga amene amabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg. Anandibweretsera guluu wosungunula pulasitiki wa kampani ya Tamiya, wamadzimadzi, wokhala ndi kaburashi pa chitsekerero, pulaima (penti yoyamba yapansi), ndi timabotolo ta penti ya kampani ya Vallejo, ta mamililita 17, yosungunula ndi madzi. Ngati muli ndi m'bale woyenda pamsewu, dzerani njira imeneyo, pemphani penti ndi guluu zifike bokosi lisanafike. Ngakhale zimenezi ndinaziyesa kaye pa felemu. Mlamu anandiseka kuti ndikuopa ndi madzi omwe.

Ndinapaka ndi burashi yafulati, penti yosungunula ngati mkaka, kasanu, kudikira iume kaye ndisanabwereze. Ulendo woyamba umaoneka zonyansa, mizeremizere, ndipo dzanja limayabwa kuti uwonjezere. Lekani. Pofika kachinayi mtundu umakhazikika wokha. Mizere ya burashi yatsalamo pang'ono koma sindikudandaula, Landirova zambiri zakale zomwe ndinaziona zinkapakidwanso penti ndi burashi pa galaja. Mdani wina ndi fumbi. Mukangomaliza kupaka vundikirani ndi kontena ya pulasitiki kapena katoni, apo ayi mudzapeza kaubweya kataumira pa boneti. Ndinaphunziranso kuti masana a Okutobala penti yamadzi imauma pa burashi isanafike pa galimoto, ndiye ndinkapaka m'mamawa.

Zomata za manambala ndi zizindikiro zimafuna madzi ofunda, masekondi 15 kapena 20, kenako kuzitsetsereza kuchoka pa pepala lake. Musazikoke ndi zala. Pamalo posawala zimasiya mpweya pansi n'kumaoneka zotuwa, ndiye pakanipo kaye vanishi yowala. Nambala ya galimoto ya bambo sindinaipeze m'bokosimo, mwachidziwikire, ndinasindikiza yanga papepala n'kumata ndi guluu woyera uja.

Pomaliza ndinafuna ioneke yoyenda m'misewu ya ku esiteti. Poyamba ndinali nditakonza penti ya dzimbiri kuti ndipake pa zitseko, kenako ndinakumbukira kuti bambo ankanyadira kuti thupi la Landirova ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri. Dzimbiri limagwira tchesisi ndi chitsulo cha pakati pa injini ndi woyendetsa. Ndiye dzimbiri ndinaika pansi pokha. Fumbi lofiira ndinapala choko cha mitundu, n'kupaka ndi burashi youma m'matayala ndi m'munsi mwa zitseko. Choko ndinayesanso pa felemu, chizolowezi chalowa.

Nyali yakhungu ija ndaisiya momwemo. Ya bambo nayonso inkayenda ndi diso limodzi nthawi zambiri. Mwana wanga m'mawa uno anaima pansi pa shelefu n'kufunsa kuti kodi chidole chake chija achiyendetsa liti, poti anamva ndikufotokozera mayi ake zimene ndinayankha ku ofesi kuja. Ndamulonjeza kuti Loweruka tikafuna mawaya.