Makina athu osokera ndi lamulo la nyumba zotsika mtengo ku Joni

Ine ndi mayi a kunyumba tinayamba bizinesi ya utelala ndi makina amodzi a Singer opalasa ndi mwendo, pakhonde la shopu ya munthu wina ku Jeppestown, monga momwe atelala amachitira m'matauni a kwathu. Poyamba tinkangopinda mathalauza ndi kuika mazipi, koma amayi a ku mpingo atadziwa kuti timasoka chitenje mwa kachitidwe ka kumudzi, ntchito inachuluka mpaka tinachita lendi chipinda chathuchathu pansi pa nyumba yakale yosanja. Ife tinkagona pamwamba pake, ndipo makasitomala athu ambiri ankakhala momwemo.

Chitukuko cha dera la Maboneng, chimene chinayamba mu 2009 kufupi ndi kwathu, tinachiona chikusendera pang'onopang'ono. Nyumba zosungiramo katundu zinasanduka malo odyera ndi mafulati, ndipo kunena zoona nafenso tinapindula, chifukwa alendo obwera Lamlungu ankagula malaya a chitenje ndi a shweshwe osanenerera mtengo. Kenaka nyumba yathu inagulitsidwa, ndipo eni ake atsopano anatipatsa kalata yoti tituluke kuti aikonzenso.

Mnzathu wina anatilimbitsa mtima ndi lamulo limene khonsolo ya mzinda wa Johannesburg inavomereza mu February 2019. Lamuloli limati womanga nyumba zokhalamo 20 kapena kuposerapo, akamapempha chilolezo chosintha kagwiritsidwe ntchito ka malo, apatule nyumba 30 mwa 100 zilizonse kuti zikhale za anthu opeza zochepa, ndipo khonsolo imamulola kumanga zochulukirapo ngati chipukutamisozi. Njira imodzi inali yakuti lendi isapitirire R2,100 pamwezi pa nthawiyo. Chimene mnzathuyo sanatiuze n'chakuti womanga akhoza kusankha njira ina, yongochepetsa kukula kwa zipinda popanda malire a lendi.

Nyumbayo itatha ndinapita kukaona chipinda chimodzi, tepi yoyezera ili m'khosi monga mwa chizolowezi changa. Ndinayeza kuchoka pakhoma mpaka pasinki, ndipo ndinapeza kuti bedi likalowa, tebulo lodulirapo nsalu silingalowe. Pansi, pamene panali shopu yathu, panali magalasi okhaokha ndi lendi yoti sitikanaikwanitsa ngakhale mu December pamene maukwati amachuluka. Lamuloli limanena za pogona pokha, silinena kanthu za telala, wometa kapena wogulitsa ndiwo amene amadyera pansi pa nyumba yomweyo.

Ena mwa makasitomala athu analowa m'nyumba zosiyidwa za pakati pa tauni. Moto wa pa 31 August 2023 ku nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, imodzi mwa nyumba zoterozo, umene unapha anthu 76 kuphatikizapo Amalawi, utachitika, mayi a kunyumba anakhala tsiku lonse akuimba mafoni a m'kope la maoda kuti amve ngati onse ali moyo. Sindingaiwale mmene ankachongera dzina lililonse ndi choko chosokera.

Lero tikusokera m'galaji ku Rosettenville, tili ndi makina atatu ndi mnyamata mmodzi amene tikumuphunzitsa ntchito. Maoda amabwera pa WhatsApp, ndipo Loweruka ndimakwera takisi kukapereka zovala ku Jeppestown, kumene ndimakumana ndi makasitomala pakona, moyang'anana ndi khomo lathu lakale.