Tsiku limene Hilux yanga inalavula chitenje

Hilux yanga ndi ya 1994, injini ya 3L, ya dizilo, malita 2.8. Galimoto imeneyi yatilera. Kachewere wa ku Bembeke, tomato wa ku Tsangano, zonse imakatula kwa Wakawaka popanda kudandaula. Koma itakalamba inayamba khalidwe lachilendo. Oyilo inkamwa ngati thobwa la paukwati, ndipo ndikamakwera zitunda za ku Dedza, a minibasi ondilondola ankayatsa magetsi masana dzuwa likuswa mtengo chifukwa cha utsi.

Amakaniko anga a ku Biwi sanachedwe nayo. Anailiza, n'kutsegula pothirira oyilo, utsi n'kumatuluka pamenepo ngati mphika wa nyemba. "Achimwene, ma ring'i atha. Njira ndi ziwiri: tiiphwasule tiimangenso, kapena mugule injini ya recon, yokonzedwa kale ndi anthu a makina, timangoika n'kumanga mawaya." Atanditchulira mtengo wa recon ndinakhala pansi, patayala. Apa n'kuti kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chikuluma. Ndinafunsa za kuphwasulako, anatchula ya zipangizo, kenako ya manja. Ya manjayo ndi imene inandipweteka. Manja ndili nawo awiri, foni ndili nayo, YouTube ilipo.

Ndinapirira nawo utsiwo mpaka Ogasiti 2024, kenako ndinalengeza pakhomo kuti injini ndimanga ndekha, Loweruka ndi Lamlungu basi. Mayi aana anangofunsa funso limodzi: "Bambo aana, paja wailesi munaitsegula ija ili kuti?" Sindinayankhe. Mafunso ena ndi achipongwe.

Injini tinaikweza ndi chain block ya alamu anga, titaikoleka pamtengo wa mango. Nthambi inalira koma inalimba. Mabawuti ndinkaika m'mabeseni a kukhitchini, moti sabata yoyamba mbale zinkatsukidwira mu ndowa, nkhope za anthu zili gwa. Kirankishafuti ndinapita nayo kwa a makina, anaisenga 0.25 mm, ine n'kugula mabeyaring'i a saizi yomweyo. Buloko nayo anaipala m'masilinda kuti ma ring'i atsopano agwire. Apo ndiye ndinazindikira kuti "kumanga wekha" kumatanthauza kulipira anthu ambirimbiri m'malo mwa mmodzi.

Ndiye panabwera nkhani ya ma shimu. Injini ya 3L ili ndi mavalavu 8, ndipo pamwamba pa valavu iliyonse pamakhala kachitsulo kozungulira ngati ndalama. Timaoneka tofanana, koma kalikonse kali ndi makulidwe ake, ndipo kayenera kubwerera pomwe kanachoka. Ndinatiyala bwinobwino pakatoni, n'kulemba 1 mpaka 8, n'kupita kukagula gasiketi. Pobwera katoni ili mbee. Ana anali pamasanje kuseri kwa nyumba, ndipo ma shimu anga anali atasanduka ndalama. Ndinapeza msika uli pakati: shimu imodzi mitanda iwiri ya nsima ya dothi, awiri nkhuku ya chitsononkho. Asanu ndi awiri ndinalanda mwaukali. Yotsalayo inali m'thumba mwa mwana wa aneba, amene anakana kwamtuwagalu, akuti wagulitsa katundu wake mwachilungamo. Ndinaiwombola ndi K200 yeniyeni. Masiku awiri otsatira ndinathera pa feeler gauge, timalata toyezera mipata, kuyesa shimu iyi apa, iyi apo, ngati munthu wofunafuna kiyi wa chitseko mumdima.

Koma ndisadzinyoze kwambiri, pakuti zovuta zonse ndinazichita bwino. Mipata ya ma ring'i ndinaisiyanitsa kuti isayang'anizane. Mapistoni onse anayang'ana kutsogolo monga chizindikiro chake chimanenera. Alamu ankati torque wrench, sipanala yoyezera kulimba kwa bawuti, ndi ya azungu, mkono wa mwamuna umadziwa wokha polekera, koma ine ndinakabwereka, n'kumanga mabawuti a hedi kuyambira pakati kumka kunja, pang'onopang'ono. Zizindikiro za lamba wa timing ndinaziona katatu, chifukwa pa dizilo lamba akaphonya, pistoni ndi valavu zimakumana, ndipo sizipatsana moni.

Chimodzi chokha. Ogasiti wa ku Lilongwe mukumudziwa, fumbi ndi akamvuluvulu. Mzungu amene ndinkamuonera pa YouTube ananenetsa kuti polowera mpweya pazitsekedwa ndi kansalu koyera kuti mchenga usalowe. Madzulo ena mphepo itayamba ndinathamangira pachingwe, n'kutsomphola nsalu yomwe inali pafupi, n'kuikankhira mkati mwa manifodi. Ndinaikankha ndithu, mwachikondi, mpaka yosaoneka.

Loweruka ndi Lamlungu lija linakwana masabata 7. Makasitomala anga anali atazolowera kale galimoto ya munthu wina. Mayi aana anafunafuna chitenje chawo cha kwaya mpaka kukayikira mtsikana wa aneba, ine n'kumathandiza nawo kudandaula za kuipa kwa dziko.

Tsiku loliza linafika. Sindinaitane munthu, koma anthu anadzaza. Ndinapopa dizilo pafyuluta mpaka pampu italimba, ndinadikira kuti kagetsi ka ma heater kazime, ndinapotokola kiyi. Inazungulira, inatsokomola, kenako inalira. Abale, inalira! Amayi nthungululu, ana kuvina, alamu kuuza aliyense kuti chain block ndi yawo. Ine ndinatuluka, n'kupukuta manja pang'onopang'ono kuti onse aone, n'kupondako moto pang'ono ndi dzanja.

Pompo injini inameza china chake. Inati khoo, ngati munthu wotsamwa ndi fupa la chambo, galimoto yonse n'kunjenjemera. Ku ekizozi kunatuluka utsi wonunkha sanza zopserera, kenako timaulusi tamoto tikuuluka ngati ziphaniphani. Mkati munamveka gogogo, kenako zii. Chomaliza kutuluka chinali kachigamba kakuda m'mbali, kamene kanatera pafupi ndi mapazi a mayi aana. Anakatola ndi kamtengo, n'kukatembenuza. Pakati panali patatsala maluwa achikasu ndi zilembo zinayi: LUYA.

"Bambo aana, ALE ali kuti?"

ALE anapezeka Lolemba, amakaniko atachotsa hedi: atazingana pansi pa valavu ya silinda yachitatu, valavu itapindika, conrod, ndodo yolumikiza pistoni ndi kirankishafuti, itakhota ngati chikwakwa. Amakaniko anayamikira kuti ma ring'i ndinaika mwaukatswiri, timing ili ndendende. Ananena izi misozi ya kuseka ikutsika. Safunsa adadya phula, koma ine injini yanga inadya nsalu, ndipo ndinaidyetsa ndekha.

Ya recon ija ndinagulabe, mtengo utakweranso, ndi ngongole ya ku banki mkhonde yomwe anakanditengera ndi mayi aana omwewo. Chiwongoladzanja chawo chinali zitenje ziwiri za wax, ndi kukapepesa ndekha kwa mtsikana wa aneba uja pamaso pa makolo ake. Amakaniko anaiika m'masiku awiri, ine nditakhala patayala lomwe lija, manja m'thumba monga anandilamulira.

Buloko yakale ikadali pansi pa mango, timamangirirapo mbuzi. M'beseni munatsala mabawuti atatu omwe mpaka lero sindidziwa kwawo. Dzulo ndikuona oyilo, mwana wa aneba uja anabwera n'kuima pambali panga, n'kusuzumira mu boneti mwaulemu.

"Ankolo, yatsopanoyi mutsegula liti? Kumsika kwathu ndalama zasowa."