Lipoti la ulendo wa achinyamata wokaona maphunziro ndi ntchito za netiweki muno mu Harare

Achinyamata athu olankhula Chichewa ochokera ku Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, ambiri atangolemba kumene O Level ndi A Level, anakayendera labu ya netiweki (kulumikiza makompyuta kuti azitumizirana uthenga) pa koleji ina ya zaumisiri m'mawa, ndipo masana anatsagana ndi amisiri a kampani ina ya intaneti pa ntchito yawo ya fibre, kebulo ya ulusi wa galasi yonyamula uthenga ndi kuwala. Tinawaperekeza ife amene tili kale pa ntchitoyi, pamodzi ndi makolo angapo. Lipotili ndi la amene munatsala, makamaka makolo amene mumafunsa ngati "kosi ya makompyuta" imadyetsa munthu.

Nkhani ya zofunika polowa koleji sinatenge nthawi. Ku makoleji ngati Harare Polytechnic amafuna maphunziro asanu a O Level okhoza bwino, Chingerezi ndi Masamu zili momwemo. Mayeso ake ndi a HEXCO, bungwe la mayeso a m'makoleji aumisiri, ndipo munthu amakwera kuchokera pa National Certificate, kupita pa National Diploma, mpaka Higher National Diploma. Wofuna digiri ku Harare Institute of Technology kapena ku University of Zimbabwe nthawi zambiri amadzera ku A Level. Kawirikawiri netiweki imabwera ngati gawo la kosi ya Information Technology kapena ya telecommunications, choncho musanalipire fizi funsani kuti labu yawo ili ndi ma switch (zida zolumikiza makompyuta a pa netiweki imodzi) ndi ma router (zida zolumikiza netiweki ndi ina) angati, ndipo ophunzira amawagwira kangati pa sabata. Koleji imene netiweki imathera pa bolodi ndi choko, ilekeni.

Mu labu aphunzitsi sanayambe ndi kompyuta. Anapatsa aliyense chidutswa cha kebulo ya netiweki ya mtundu wa Cat6, mitu iwiri ya RJ45 (timapulagi ta kumapeto kwa kebulo) ndi chopanira. M'kati mwa kebuloyo muli timawaya 8 topotana tiwiritiwiri, ndipo timalowa m'mutu motsata dongosolo la T568B: koyera kamizere ya olenji, ka olenji, koyera kamizere yobiriwira, ka buluu, koyera kamizere ya buluu, kobiriwira, koyera kamizere ya bulauni, ka bulauni. Ena mwa anyamata anangondandalika mitundu iwiriiwiri mmene anaipezera, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo tesita inayatsa magetsi onse 8. Anasangalala msanga. Tesita yotchipa imangoona ngati waya wafika kutsidya, siona kuti pini 3 ndi pini 6 zakhala pa timawaya tosapotana limodzi. Kebulo yotere imagwira ikakhala yaifupi, koma mukaitalikitsa netiweki imayamba kudukaduka popanda chifukwa chooneka. Anatikumbutsanso kuti posenda musamasule kupotanako kupitirira mamilimita 13, ndipo kebulo imodzi isapitirire mamita 100: 90 a m'khoma ndi m'denga, 10 a timakebulo ta kumapeto.

Apa tionjezepo za kumsika. Mabokosi ena otchipa a kebulo ndi a aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba chabe. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni. Mukaona koyera m'kati, musagule. Pa makamera ndi ma access point (zida zomwaza Wi-Fi) amene amalandira magetsi kudzera m'kebulo yomweyo, waya wotere amatentha ndi kutaya mphamvu, ndipo chida chimangozima ndi kuyaka chokha.

Gawo limene linatulutsa thukuta ndi la ma adilesi, manambala ozindikiritsa chida chilichonse pa netiweki. Aphunzitsi analemba 192.168.10.0/24, netiweki yokwana zida 254, n'kulamula kuti igawidwe panayi: akaunti, malonda, makamera ndi alendo. Yankho ndi /26, magawo oyambira pa 0, 64, 128 ndi 192, lililonse la zida 62, chifukwa adilesi yoyamba ndi yomaliza ya gawo sizipatsidwa kwa chida. Si masamu ozama, ndi kuwirikiza 2 basi, koma wosazolowera kuwerengera pamtima amavutika pa mayeso ngakhalenso pa ntchito. Gawo lililonse analiika pa VLAN yake, kanetiweki kopatulidwa m'kati mwa switch, kuti mlendo wolumikiza foni pa Wi-Fi asafike pa kompyuta ya malipiro.

Kenako anaononga netiweki mwadala, n'kuuza magulu kuti apeze vuto. Kompyuta ina inaonetsa adilesi yoyamba ndi 169.254, chizindikiro chakuti yapempha adilesi kwa DHCP, dongosolo logawa ma adilesi, koma sinayankhidwe. Vuto linali doko la switch loikidwa pa VLAN yolakwika. Kwina analumikiza kebulo imodzi mbali zonse ziwiri pa switch yomweyo atazimitsa Spanning Tree, dongosolo loletsa uthenga kuzungulira. Magetsi onse a pa switch anayamba kuphethira nthawi imodzi, netiweki yonse n'kuima, chifukwa uthenga unkangozungulira osatha. Zimenezi zimachitikadi m'maofesi munthu akapeza kebulo yolendewera n'kuilowetsa pabowo lililonse pofuna kukonza malo.

Gulu limene linapambana silinali la odziwa malamulo ambiri olembera zida za kampani ya Cisco. Linali la amene anafufuza mwadongosolo kuyambira pansi: kodi chida chayaka, kodi getsi la pa doko layaka, kodi adilesi ilipo, kodi ping (kauthenga koyesera) ikufika pa gateway (khomo lotulukira kunja kwa netiweki), kodi ikufika pa 8.8.8.8 (adilesi ya pa intaneti), ndipo pomaliza kodi dzina la webusaiti likumasuliridwa kukhala adilesi ndi dongosolo la DNS. Enawo anathamangira kusintha makonzedwe a router pamene kebulo inali yosalowetsa bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa ife ili ndi luso limene olemba ntchito amaliyesa kuposa pepala.

Magetsi a muno mukuwadziwa. Aphunzitsi anazimitsa router imene gulu lina linali litangoikonza, ndipo itayakanso zonse zinali zitafufutika. Makonzedwe atsopano amakhala mu RAM, malo osungira amene amafufutika magetsi akazima, mpaka mutalemba copy running-config startup-config. Ndi chifukwa chakenso wa netiweki ku Harare ayenera kudziwa za UPS (chida cha batire chopereka magetsi akazima), inveta ndi sola. Mabatire aang'ono a 12V 7Ah a mu UPS amafooka msanga m'chipinda chotentha, ndipo nyengo ya mvula mphezi imalowera pa kebulo ya kopa yodutsa panja n'kupsereza madoko. Pakati pa nyumba ziwiri ikani fibre, popeza galasi silinyamula magetsi.

Masana tinapeza amisiri atatsegula bokosi la fibre m'mbali mwa msewu, kasitomala atadandaula kuti getsi la LOS (losonyeza kuti kuwala sikukufika) pa kabokosi ka m'nyumba lafiira. Ulusi wa galasiwo ndi wonenepa ma micron 125 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), ndipo kuwala kumayenda pakatikati pake, pa ma micron 9 okha. Kulumikiza kwake: kusenda, kupukuta ndi spiriti, kudula ndi cleaver kuti nsonga ikhale yosalala, yodulidwa bwino mopingasa, kuika m'makina owotcherera, kenako kuvala kachubu koteteza n'kukatenthetsa. Mfundo yabwino imataya kuwala pafupifupi 0.1 dB (muyeso wa kuwala kotayika) kapena kucheperapo. Pa GPON, mtundu wa netiweki ya fibre yofika m'nyumba, mphamvu yofika m'nyumba iyenera kukhala pakati pa -8 ndi -27 dBm, ndipo splitter yogawira nyumba 32 imadya kale pafupifupi 17 dB, choncho kupinda ulusi kwambiri kapena fumbi pa konekita zimakwanira kugwetsa kasitomala. OTDR, chida choyezera ulusi, ndi imene imanena kuti ulusi waduka pa mtunda wa mamita angati. Konekita yobiriwira isalumikizidwe ndi ya buluu, nsonga zake n'zodulidwa mosiyana. Ndipo musasuzumire m'ulusi: kuwalako sikuoneka koma kumaononga diso.

Mayi wina anafunsa mkulu wa amisiriwo kuti, "Bambo, nanga ana athu aakaziwa ntchito yokwera mapoloyi aikwanitsa?" Iwo anayankha kuti, "Amayi, amene akuwotcherera ulusi apoyo ndi mtsikana. Komanso ntchito zambiri n'za pampando." Ananena zoona. Ambiri amayambira pa helpdesk (kuyankha makasitomala odandaula) kapena kuyika intaneti m'nyumba za anthu, ena amalowa mu NOC, chipinda chimene amayang'anira netiweki usana ndi usiku mosinthana. Kuchokera apo munthu amakhala woyang'anira netiweki ya banki, sukulu, chipatala kapena mgodi, kapena amapatukira ku chitetezo cha netiweki, chimene chakula chikhazikitsireni lamulo la Cyber and Data Protection Act mu 2021. Makampani odziwika ndi Econet, NetOne, TelOne ndi Liquid, koma mipata si yochuluka ngati ofunsira, ndipo ambiri amadya za maganyu: makamera, Wi-Fi ya m'maloji ndi m'masukulu, komanso kuyika Starlink, intaneti yodzera pa satelayiti, imene inayamba muno mu 2024.

Pa masatifiketi tikulangiza motere. CCNA, satifiketi ya Cisco, mayeso a 200-301, ndi a mphindi 120, mtengo wake ndi US$300, ndipo imatha mphamvu pakapita zaka zitatu. Musailembe chaka choyamba. Dikirani mpaka nthawi ya attachment (yophunzira ntchito ku kampani), mutagwirako zida zenizeni, kuti zaka zitatuzo zisathere m'kalasi. Makampani ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito zida za MikroTik, choncho satifiketi yake ya MTCNA imathandiza, ndipo HCIA ndi ya zida za Huawei. Pa attachment sankhani malo amene adzakutumani kukagwira ntchito panja ndi amisiri, ngakhale kampaniyo ikhale yaing'ono, kusiyana ndi ofesi yaikulu kumene mudzangosintha inki ya printa.

Tinagwirizana kuti ofuna kupitiriza azikumana Loweruka masana kuti aziyeserera. Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera netiweki pa kompyuta, imapezeka ulere mukalembetsa ku Cisco Networking Academy, Wireshark, yoonera uthenga woyenda pa netiweki, ndi yaulerenso, ndipo laputopu yakale ya RAM ya 8 GB ikwanira. Chopanira, tesita ndi switch yakale tibweretsa ife. Aliyense abwere ndi kope, mamita awiri a Cat6 ndi mitu ya RJ45 yosachepera 10, chifukwa yoyambirira imaonongeka.