Tiyi Wodyera Foloko

Ine ndinabadwira ku Thyolo, pakati pa minda ya tiyi. Mayi anga ankathyola masambawo, ine n'kumamwa. Ndiye panalibe woti n'kundiphunzitsa tanthauzo la mawu akuti "tea".

Nditangofika ku Leeds, mzinda wa m'chigawo cha Yorkshire ku England, agogo a nyumba yoyandikana ndi yanga anandiimitsa pakhomo. "Come for tea at six," anatero. Ndinawerengera ndekha: kapu imodzi ndi bisiketi, basi. Mwamuna sagonera madzi. Ndinaphika nsima, ufa wake wogula modula kusitolo ya zakudya za ku Africa, ndinagwetsa mitanda itatu ndi nyemba, kenako uyo kwa agogo.

Chitseko chitatseguka, fungo la nyama linandilandira. Patebulo panali masoseji, mbatatesi zokanya mulu ngati chulu, nsawawa ndi msuzi. Kani ku Yorkshire kuno "tea" ndi mgonero, ndipo nkhomaliro ndiyo amati "dinner"! Kwathu kukana chakudya cha munthu wamkulu ndi mwano, choncho ndinadya. Lamba ndinamasulira pansi pa tebulo. Agogo ataona mbale yayera anandimvera chisoni, nawonjezera masoseji awiri. Kenako maapulo ophika ndi kasitadi. Tiyi weniweniyo anabwera kumapeto, ine ndikupumira m'kamwa.

Patatha mwezi, mayi wina wa kutchalitchi wokhala ku London anandiitanira "tea" wa 4 koloko masana. Ndinati ulendo uno sandipusitsanso. Sindinalawe kanthu chidzukire, m'basi monse ndikungolota masoseji.

Anandiikira kapu, kasikono kamodzi ndi timasangweji ta nkhaka topyapyala ngati tsamba. Ndinkayang'ana kukhitchini, kudikira kuti mapoto alire. Chinalira ndi mimba yanga, mokweza zedi. Mayiwo anacheukira galu wawo n'kumudzudzula. Ine phee, osamuikira kumbuyo galuyo.

Madzulo ndinakagona kwa achemwali anga. Mwana wawo wobadwira konkuno ataona nkhope yanga anakhala pafupi nane.

"Malume, spill the tea!"

Kapu ndinaigwira ndi manja awiri. "Iwe, kapeti iyi ndi ya eni nyumba! Ndikatayira tiyi pamenepa alipira ndani?"

Achemwali anaseka mpaka misozi. Akuti mwanayo amangofuna ndimuuze miseche.