Mmene ndinadutsira mayeso a uphunzitsi ndi phunziro la masamu oyesayesa

Ndatsiriza kuyesedwa kwanga kwa uphunzitsi m'kalasi ndipo mtima wakhala pansi, ngakhale kuti tsiku limodzi likundiwawabe. Ndinasankha kuphunzitsa ana a Sitandade 7 kupeza yankho poyesa nambala, kuona pamene aphonya, ndi kuyesanso mwanzeru. Funso linali lakuti apeze nambala ziwiri zimene ukaphatikiza upeza 15, koma ukachulukitsa upeza 56.

Za sikimu (ndondomeko ya maphunziro a teremu) ndi lesoni pulani (ndondomeko ya phunziro limodzi) sindinenapo, poti aliyense wodutsa ku koleji amazidziwa. Chinandipsetsa mtima ndi Lachiwiri limene aphunzitsi athu a ku koleji analonjeza kudzandionerera. Ndinagula mapepala a tchati ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndinadikira mpaka belu litalira, ndipo atapanda kufika, ahedi anandiuza kuti ndingophunzitsa. Anawo anachita bwino zedi. Gulu lina linayesa 5 ndi 10 n'kupeza 50, lina linayesa 6 ndi 9 n'kupeza 54, mpaka mtsikana wina wokhala kumbuyo anaona yekha kuti nambalazo zikamayandikana chotsatira chikukula, natchula 7 ndi 8. Wondipatsa malikisi panalibe, ngakhale uthenga wa pafoni wopepesa sunabwere.

Aphunzitsi a ku koleji aja anatulukira Lachisanu osandidziwitsa, nafuna phunziro lomwe lija. Ndisanatsirize kulemba funso pabolodi, kalasi yonse inafuula kuti 7 ndi 8, ndipo ndinangoima choko chili m'manja, chifukwa panalibenso choti ayese. Chinandipulumutsa ndi funso lina limene ndinalemba kuchikuto cha kope langa, la nambala ziwiri zimene ukaphatikiza upeza 20, koma ukachulukitsa upeza 91, limene anawo anavutika nalo kuyambira pa 10 ndi 10 asanafike pa 7 ndi 13. Choncho inu amene mukudikira kuyesedwa, sungani funso lachiwiri limene ana sanalionepo.

Ndaiwala kunena za bolodi. Musafufute mayankho olakwa, koma ajambulireni tebulo la zimene ayesa ndi zimene apeza, ndipo pa chilichonse afunseni ngati chachepa kapena chachuluka, apo ayi woonererayo adzati anawo akungolota. Mphindi 35 sizichedwa kutha, motero magulu atatu okha ndiwo afotokoze kutsogolo.

Malikisi ndinapeza abwino, koma matchati a Lachiwiri lija anapita pachabe. Funso lachiwiri lija mulilembe m'pulani momwemo, kuti woonerera asakufunseni kumene lachokera monga anandifunsira ine.