Ndinkafuna kuseva, galimoto inatuluka thukuta

Anthuni ine zoti ndine woumira sindikana, koma zomwe ndinaichita galimoto yanga tsiku lija mpaka lero ndikaiona padzuwa ndimafuna kuigwadira ndiipepese.

Zinayambira mu shopu. Ndinalowa kuti ndigule ka shampu kotsukira galimoto basi, koma kufika pa shelefu mutu unaima, botolo la penti palokha, la matayala palokha, la magalasi lina, la dashibodi linanso, kuli tinsalu ta microfiber ati aka nkotsukira aka nkopukutira. Ndinatembenuza botolo limodzi kuona mtengo, ndinalibwezera pang'onopang'ono ngati ndikugoneka khanda. Mumtima ndikuti awa akutibera dzuwa likuswa mtengo, thovu ndi thovu basi, zonsezi kunyumba zilipo kale.

Loweruka cha m'ma 12 koloko ndinaitulutsa panja, dzuwa lili phwee. Galimotoyo ndi yakuda, musaiwale pamenepo, yakuda bii. Ndowa imodzi, sopo waufa wochapira zovala manja awiri osayeza, ndikuthiramonso wotsukira mbale uja kuti mphamvu ichuluke, nsalu yake malaya anga akale. Zoti malayawo ali ndi mabatani ndinakumbukira nditamaliza chitseko chonse cha dalaivala.

Boneti inali ikuotcha moti thovu limauma ndisanafike kumbuyo, ndiye ndimangozungulira galimoto ngati ndikuthamangitsa mbava, kuno ndanyowetsa uko kwauma, mizere yoyera mbuu paliponse. Kenako pa boneti panali chitosi cha mbalame chouma gwaa chomwe chimakana kuchoka. Apa mpomwe satana anandinong'oneza. Ndinalowa kukhitchini monyang'ama, ndinatenga siponji ya madamu ija, mbali yobiriwira yokwechera mapoto, ndinakwecha mozungulira bwinobwino ndi mphamvu zanga zonse uku ndikuimba kaluzu. Chitosi chinachoka. Nditathira madzi pamalopo pamawala kuposa pena paliponse, ine nkumadziuza kuti mwamuna ndiwe iwe.

Mkati ndinapakamo Vaseline. Eee mwamva bwino. Dashibodi yonse, zitseko, giya, mpaka chiwongolero, chifukwa ndinaona kuti zikunyezimira ngati za mu shoo rumu ndiye dzanja silimafunanso kusiya. Matayala ndinawamaliza ndi polishi ya nsapato ya mwana wanga, kachitini konse phuu.

Madamu anasuzumira pazenera, "Abambo, siponji yanga simunaione?" Ine, "Siponji iti?"

Madzulo ake ndimayenera kukatenga apongozi anga aakazi. Potuluka galimoto inali itauma tsopano, ndiye kuyang'ana pa boneti, mayo ine! Pamalo pa chitosi paja panali chigamba chotuwa kukula ngati mbale, ndipo penti yonse ikaombedwa ndi dzuwa imaoneka ngati akangaude achitirapo msonkhano. Nthawi inali itatha, ndinangolowa nkuliza.

Panjira dzuwa limamenya dashibodi yonyezimira ija, kuwala nkubwerera pa galasi lakutsogolo, ine kumaona dashibodi yanga yomwe pakati pa msewu, kuyendetsa nditatsinzina diso limodzi. Pokhota chiwongolero chimapulumuka m'manja, ndimachita kuchikumbatira. Kutentha mkati, mafuta aja ayamba kusungunuka, ndinatsegula mawindo onse, fumbi lonse la m'njira linalowa nkukhazikika pompo osachokanso. Pofika dashibodi inali itamera ubweya.

Apongozi analowa mwaulemu wawo, anagwira chitseko dzanja linaterera, anagwira dashibodi kuti akhale bwino linatereranso. Anayang'ana chikhatho chawo nthawi yaitali, anatulutsa kampango, kenako motsitsa mawu, "Apongozi, kodi galimotoyi ikudwala? Ikutulukatu thukuta." Ine ndinati ndi mankhwala atsopano amayi, oteteza ku dzuwa. Iwo "Ohoo." Ulendo wonse anakhala manja ali m'mwamba ngati awagwira apolisi.

Lolemba ndinapita nayo kwa mkulu wina wopolisha magalimoto. Sanandipatse moni kaye, anatenga katochi nkuunika boneti, anapukusa mutu, "Bwana, ameneyu wakuchitani chipongwe mukumudziwa?" Ndinati ndi kamnyamata kena kotsuka magalimoto. Iye anati kamnyamata kameneko musadzakapatsenso ngakhale njinga. Ndinavomera kuti zoona, nkachitsiru.

Ndiye anandikhazika pansi. Ati pamwamba pa penti pali kachikopa koonekera kotchedwa clear coat, ndiko kamawalitsa galimoto, ndipo nkopyapyala mwina ma micron 40 kapena 50, pamene pepala wamba lolembapo limafika cha m'ma 100, ndiye siponji yobiriwira ija kwa iko ndi sandipepa. Sopo wa mbale anamupangira kudula mafuta, choncho amachotsa ndi wakisi yemwe amateteza pentiyo, waufa uja timibulu tosasungunuka timakala. Ndowa imodzi nayonso ndi mlandu, mchenga umene wachotsa umaubwezanso pagalimoto ndi nsalu yomweyo, zimafunika ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira nsalu, ndipo pamthunzi osati pa dzuwa la 12 koloko. Chitosi ukungochiika kansalu konyowa mphindi zingapo chimafewa chokha.

Chomwe chinandiwawa kwambiri nchakuti pena ndinali kulondola ndithu. Mkuluyo anati mabotolo onse aja safunika, iye kunyumba kwake ali ndi shampu, wakisi ndi tinsalu ta microfiber basi, mkati amangopukuta ndi kansalu konyowa pang'ono. Shampu ija ndi yokhathamira, lita imodzi ukamathira mamililita 30 pa ndowa ndiye kuti watsuka kopitilira ka 30, ine mu shopu muja ndimawerengera ngati botolo lonse limathera tsiku limodzi. Tinsalu timachapidwa nkugwiranso ntchito, bola osathira zofewetsa zovala zija chifukwa timasiya kumwa madzi.

Anaipolisha ndi mashini tsiku lonse, Vaseline yekha anamutengera ma awala awiri uku akutukwana kamnyamata kaja, ine ndili pambali kumuthandiza kutukwana. Ndalama yomwe ndinalipira ikanagula theka la shelefu ija. Akangaude anachoka, koma mzere wa batani pachitseko anati walowa kwambiri, umenewo ndi wanu mpaka kale.

Kunyumba ndinapeza siponji yobiriwira ili pa tebulo, yakuda mbali imodzi, pambali pake kachitini ka polishi kopanda kanthu, madamu akhala phee manja apinda. Sanafunse kanthu, anangotambasula dzanja, ndinapereka ya siponji ndi ya polishi.

Apongozi mpaka pano ndikapita kukawatenga amatuluka ndi kathaulo m'manja, asanakhale amayamba agwira dashibodi ndi chala chimodzi, "Lero yachira?"