Zomwe ndaphunzira pa crossover ya subwoofer ndi malo oyiika

Crossover ndi malire pomwe masipika amasiyira ntchito subwoofer, sipika yotulutsa besi (mawu otsika kwambiri) yokha. Mawu otsika kuposa malirewo amapita ku subwoofer, okwera amatsala m'masipika. Poyambira pabwino ndi 80 Hz (Hz ndi muyezo wa kutsika kapena kukwera kwa mawu), malire omwe inakhazikitsa THX, kampani yoika miyezo ya mawu a makanema, chifukwa pansi pa 80 Hz khutu limavutika kudziwa komwe besi ikuchokera. Mukakweza malire mpaka 150 Hz, mawu a amuna amayamba kumveka kuchokera m'bokosi la subwoofer m'malo mwa pa TV.

Masipika ang'onoang'ono ambiri satsika kufika pa 80 Hz. Onani pepala lawo: ngati amathera pa 90 Hz, ikani malire pa 100 kapena 110 Hz. Mu risiva, makina ogawira mawu ku masipika, sankhani Small (kutanthauza sipika yaing'ono) pa masipika onse, ngakhale aatali oima pansi, apo ayi risiva siitumiza besi yawo ku subwoofer. Kabatani ka crossover kuseri kwa subwoofer kapotozeni mpaka pa nambala yaikulu kwambiri, kapena lowetsani waya pa LFE, polowera pomwe subwoofer sisefa mawu. Mukasefa mawu kawiri, mu risiva ndi mu subwoofer, besi imaperewera pamalire pomwepo.

Komatu manambalawa ndi mbali yosavuta. Chovuta ndi chipinda. Mawu amathamanga pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye funde la 80 Hz ndi lalitali mamita 4.3, la 40 Hz mamita 8.6. Mafunde otalika chonchi akagunda makoma amabwerera n'kukumana ndi anzawo. Pena amaphatikizana besi n'kuchuluka, pena amaphana. M'chipinda chotalika mamita 5, gawani 343 ndi 10 (utaliwo kuwirikiza kawiri), mupeza 34 Hz: mawu amenewa amagunda kwambiri pafupi ndi makoma awiri a kumapeto kwa utaliwo, koma pakati penipeni pa chipinda amazimirira. Kukweza voliyumu sikuthandiza, poti funde lobwereralo nalo limakula. Chofunika n'kusuntha mpando kapena subwoofer.

Njira yopezera malo imaoneka yoseketsa koma ndi yodalirika. Ikani subwoofer pampando womwe mumakhalapo, lizani nyimbo ya besi yokwera ndi kutsika, kenaka kwawani m'mbali mwa makoma mutu uli pansi. Pomwe manoti onse akumveka mofanana, popanda limodzi lolamulira anzake, mpomwe muike subwoofer. Pakona besi imachuluka ndithu, koma kawirikawiri imangokhala kugunda kwa noti imodzi.

Phase, batani la pa subwoofer logwirizanitsa nthawi yomwe iyo ndi masipika zimakankhira mpweya, ibwere pomaliza. Lizani mawu a 80 Hz, mukhale pampando, wina azisintha pakati pa 0 ndi 180. Pomwe besi yamveka kwambiri mpomwe subwoofer ndi masipika zikukankha mpweya nthawi imodzi. Kenaka linganizani mphamvu ya sipika iliyonse ndi subwoofer pa 75 dB (muyezo wa kukula kwa mawu) pogwiritsa ntchito phokoso loyesera la mu risiva. Mukadzasuntha subwoofer, ngakhale theka la mita, phase ndi mphamvu muziyesenso.